Utsi wa pa sewero la Pasaka, za mbaulazo zisiyeni

Amayi, mwafunsa zoti pa sewero lanu la Pasaka ku Ulongwe mukufuna utsi nthawi imene mwala ukuchoka pamanda, nde mukukayika kaya mubwereke makina kaya mungoika mbaula kuseri kwa katani nkumathirapo masamba aawisi monga ena akuuzirani. Ya mbaulayo chonde ayi. Makala akamayaka mkati amatulutsa carbon monoxide, mpweya wosaoneka wosanunkha, munthu amangomva mutu ndi chizungulire kenako wagwa, ndipo kuno ku Angónia madzulo kukangozizira kapena mvula kuyamba timatseka mawindo onse, mpweyawo utulukira pati? Komanso kuseri kwa siteji nkumene kumakhala nsalu, makatoni opangira manda aja, zovala za angelo za nailoni, zonse zosachedwa kugwira moto. Ku Brazil mu Januwale 2013, mumzinda wa Santa Maria, oimba anayatsa kamoto kokongoletsa pa siteji, kanagwira siponji yakudenga, anthu 242 anafa, ambiri anabanika ndi utsi, khomo lotulukira linali limodzi lokha.

Bwerekani makina basi. Funsani ma DJ a maukwati ku Tete kapena ku Moatize, mungoti máquina de fumo akumvani. Zimene amatulutsa si utsi wamoto, ndi madzi osakaniza ndi mankhwala otchedwa glycol kapena glycerine amene amadutsa pachitsulo chotentha nkutuluka ngati nthunzi. Ka 400 watts nkokwanira pa holo ya tchalitchi, aakulu a 1500 aja ngapanja. Amafuna mphindi zingapo kuti atenthe, ndipo akapopa kanthawi amaima kaye kuti atenthenso, nde wogwira limoti asamaseweretse batani sewero lili mkati, mngelo azatulukira makina ali chete. Pulagi yake ikhale yayokha, osati pa ekisitenshoni yopyapyala imodzimodzi ndi ampu ndi kiyibodi, waya amatentha.

Pomwe ndikufuna mumvetsetse ndi pa madzi othiramowo. Akhale enieni a makinawo, m'chigubu chake cholembedwa. Wina akabwera nawo mu botolo la madzi akumwa lopanda pepala ati ndasakaniza ndekha, mubwezeni, ngakhale atatsitsa mtengo bwanji. Anthu amathira glycerine wodzola uja, ena pefyumu kuti holo inunkhire, ndipo olimba mtima mpaka mafuta ophikira kapena parafini, zomwe ndi kuitana moto. Glycerine akapsa mopitirira amatulutsa acrolein, amene amalasa m'maso ndi pakhosi. Ukamva fungo lopserera kapena ana ayamba kutikita maso, zimitsani pompo, tsegulani zitseko. Chigubucho chisakhalenso pofikira ana, amayesa chakumwa.

Ngakhale madzi abwinowo amaumitsa pakhosi chifukwa glycol amakoka chinyezi, ndipo a kwaya ndi amene amapuma mozama kuposa aliyense mu holomo. Nde makina asaloze kwaya, asalozenso mabenchi akutsogolo komwe kumakhala amayi obereka makanda ndi agogo. Lengezani sewero lisanayambe kuti kukhala utsi, amene ali ndi mphumu kapena chifuwa akhale kufupi ndi khomo, amene ali ndi kopopera kake akhale nako m'manja. Mufunsenso ana osewerawo ndi makolo awo, mwana sanena yekha kuti amabanika, amaopa kumulanda udindo wa mngelo.

Utsi wake usachuluke, kupopa masekondi awiri atatu kwakwana. Chimene chimakongoletsa ndi getsi, muike babu yowala kapena tochi yamphamvu mkati mwa manda kumbuyo kwa utsiwo, magetsi a holo muchepetse, muzaona kautsi kochepa kakuoneka kambiri. Ambiri amapopa mpaka osewera osaoneka, anthu nkumangomva mawu ndi kutsokomola, ine sindiona kukoma kwake. Kukamwa kwa makina kumaotcha, pasakhale munthu kapena nsalu pafupi, musiye mita imodzi kapena iwiri, ndipo pasimenti yopaka polishi pamatsala kunyowa koterera, mukolope musanayambe kuvina.

Mwina mwaonapo pa Facebook utsi woyenda pansi ngati mtambo uja wa pa maukwati. Nthawi zambiri ndi dry ice, achipwitikizi amati gelo seco, ndipo kwa inu ndikuletsa. Ndi carbon dioxide wouma, wozizira kufika madigiri 78 pansi pa ziro, ukagwira ndi manja umapsa. Kilo imodzi imatulutsa malita pafupifupi 500 a mpweya, ndipo mpweyawo ngolemera, umakhala pansi. Tsono taganizani sewero lanu, asilikali olondera manda aja amagwa nkugona pansi ngati akufa, wosewera Yesu naye wagona mkati mwa kabokosi kotsekeka. Akakomoka zenizeni anthu aziombera m'manja kuti akusewera bwino. Ku Moscow mu 2020 anthu atatu anafa paphwando atathira dry ice mu dziwe losambira la mkati mwa nyumba. Kuyenda naye kuchokera ku Tete mu chapa yotseka magalasi maola onse aja ndi vuto linanso, ndipo mukamutsekera mu botolo limaphulika. Ngati mukufunitsitsa wapansiwo, dutsitsani utsi wa makina mu kulabokosi yodzaza ayisi wamba wa mufiriji, boolani mbali ziwiri muikemo paipi, ukazizira umayenda pansi kwakanthawi. Madzi osungunukawo asafike pamawaya.

Yesani tsiku la pulakatisi mu holo yomweyo, ola lomwelo, mawindo ena ali otsegula, muone utsi ukulowera kuti komanso ukutha pakapita nthawi yaitali bwanji. Wogwira makina akhale wamkulu mmodzi amene alibe ntchito ina usikuwo, zitseko zonse zichotsedwe maloko anthu asanalowe. Mundiuze holo yanu ndi yaikulu bwanji ndipo ili ndi mawindo angati, ndikuuzani poika makinawo.