Gulu lathu likufuna thandizo la mbaula ndi sola: tiyambire pati?

Mayi wina wa ku Chinamwali wandilembera pa imelo. Ndi mlembi wa gulu la amayi a mpingo lomwe limayendera amasiye, agogo olera zidzukulu ndi odwala matenda a mgonagona. Funso lawo mwachidule ndi ili: "Mabanja amene timawayendera akulira ndi mtengo wa makala. Ena akugona ndi njala ufa uli m'nyumba chifukwa chosowa chophikira. Tamva kuti pali mabungwe opereka ndalama za mbaula zamakono ndi sola. Tingazipeze bwanji, nanga tipemphe chiyani?"

Zikomo kwambiri mayi, ntchito mukugwirayo ndi yotamandika. Mafunso anu ndi awiri, koma ndiyamba ndi lachiwirilo. Ndalama zilipo ndithu, ngakhale zachepa poyerekeza ndi kale, koma gulu lomwe silikudziwa chimene likufuna limangolandira katundu amene woperekayo wakonza kugawa. Pakatha miyezi ingapo mbaula ija mumakaipeza kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira.

Choyamba gulani kope. Sankhani mabanja 15 kapena 20 mwa amene mumawayendera, ndipo kwa masabata awiri muzilemba tsiku ndi tsiku: aphikira chiyani, agula zandalama zingati, aphika kangati, awunikira chiyani usiku, foni akatchajitsa kuti ndipo alipira zingati. Kwa ophikira nkhuni bwerekani sikelo yopachika, ija amagwiritsa ntchito ogula nandolo, muziyeza mtolo m'mawa ndi zotsala madzulo. Ntchito yake ndi yotopetsa, koma ndi imene imasiyanitsa pempho lanu ndi mapempho ena ambirimbiri oyamba ndi mawu oti "anthu a kuno ndi osauka kwambiri". Zimenezo wowerenga pempho lanu akuzidziwa kale. Kalembera wa 2018, yemwe anachitidwa ndi ofesi ya boma yoona za kalembera (NSO) ya konkuno ku Zomba, anapeza kuti mabanja pafupifupi 77 mwa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni, pafupifupi 18 amaphikira makala, ndipo owunikira magetsi anali pafupifupi 11 okha. Manambala a dziko lonse ali nawo patebulo. Amene alibe ndi a m'khitchini ya agogo a ku Chinamwali, ndipo amenewo ndinu nokha mungawapeze.

Kopelo lidzakuonetsani chinthu china chowawa: wosauka amagula makala modula kuposa wolemera. Wapantchito amagula thumba lathunthu kwa anyamata a njinga otsika nawo m'bandakucha kuchokera mbali za Chingale ndi Malosa. Wamasiye amagula kajumbo tsiku ndi tsiku, ndipo mukaphatikiza timajumbo ta mwezi wonse mupeza kuti walipira zoposa mtengo wa thumba. Apa gulu lanu lingathandize ngakhale musanalandire tambala ya bungwe lililonse, pogula makala pamodzi n'kumagawana pa mtengo womwe mwagulira.

Tsopano za mbaula, pomwe ndikufuna tikhalitsepo. Yodziwika kwambiri kuno ndi Chitetezo Mbaula, yadongo, youmbidwa ndi magulu a m'midzi n'kuotchedwa mu uvuni. Inatchuka kwambiri kuyambira 2013 pomwe boma la mayi Joyce Banda, mwana wa kuno ku Zomba, linalonjeza kuti pofika 2020 m'dziko muno mukhale mbaula zosawononga nkhuni zokwana 2 miliyoni. Ndi mbaula yabwino: ndi yotsika mtengo, imanyamulika, imatchinga mphepo, ndipo imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa. Imayakanso ndi tinthambi, zitsononkho ndi mapesi a nandolo, zomwe kuno kum'mwera sizisowa ikatha nthawi yokolola.

Koma Chitetezo ndi mbaula ya nkhuni. Mukaigawa kwa mayi wa lendi ku Chikanda kapena ku Mpondabwino, yemwe amaphikira makala pakhonde chifukwa mwini nyumba sakufuna utsi wodetsa makoma, simunamuthandize. Iyeyo akufunika mbaula ya makala yokhala ndi dongo mkati, yomwe imasunga kutentha kusiyana ndi yachitsulo chokhachokha ija amakhoma a mumsika. Palinso mbaula zomanga ndi njerwa ndi matope, monga Changu Changu Moto yomwe bungwe la Ripple Africa linafalitsa ku Nkhata Bay. Imeneyo ndi ya munthu wokhala pake, wokhala ndi khitchini yofolera, chifukwa siisamuka ndipo mvula imaigumula. Chinamwali ndi malo osakanikirana, ena amakhala ngati m'tauni, ena ngati kumudzi. Mukapempha mbaula za mtundu umodzi za aliyense, ena mwa mabanjawo mudzawaphonya. Kope lija ndilo lidzakuuzani kuti mupemphe zingati za nkhuni ndi zingati za makala.

Nkhani ina ndi yogawa ulele. Mbaula yadongo imasweka. Mwana aigwetsa, kapena ing'aluka yokha ikagwira ntchito nthawi yaitali. Ngati palibe pogula ina pafupi, banja limabwerera pa mafuwa tsiku lomwelo ndipo pulojekiti yathera pomwepo. N'chifukwa chake ine ndimakonda pempho lomwe gawo lalikulu la ndalama likupita ku zinthu zotsala: kuphunzitsa oumba, kugula zikombole, kumanga uvuni ndi shedi youmitsira, ndi kupeza malo ogulitsira pamsika. A Concern Universal, omwe pambuyo pake anadzatchedwa United Purpose, anachitapo zanzeru ndi thandizo la dziko la Ireland: mbaula ankazigula kwa magulu oumba a m'deralo n'kuzipereka kwa mabanja a pa Mtukula Pakhomo. Osaukitsitsa analandira osalipira, oumba anapeza msika, ndipo oyandikana nawo ataona ubwino wake anali ndi kogula. Inunso mungatero. Agogo osatha kugwira ntchito alandire ulele, koma amene ali ndi kageni alipireko kangachepe, ngakhale pang'onopang'ono kudzera ku banki mkhonde, ndalamazo zizigulira mbaula zolowa m'malo mwa zosweka. Musanalembe zoumba nokha, itanani woumba wodziwa adzaone dongo lanu. Si dothi lililonse limapirira moto, ndipo mbaula zoumbidwa ndi dongo lolakwika zimasweka zikadali mu uvuni.

Polemba musalonjeze zomwe mbaula singachite. Ambiri amalemba kuti ana asiya kudwala chibayo. Kafukufuku wamkulu wotchedwa CAPS, yemwe anachitikira ku Chikwawa ndi ku Karonga pa ana oposa 10,000 ndipo zotsatira zake zinatuluka kumapeto kwa 2016, anapeza kuti ngakhale mbaula zodula zokhala ndi fani sizinachepetse chibayo mwa ana osakwana zaka zisanu. Utsi umachokera kwina kwambiri: zinyalala zootchedwa, moto wa oyandikana nawo, mafuwa omwe banja limayatsabe pambali. Wowerenga pempho lanu ngati ndi wodziwa ntchito yake, zimenezi akuzidziwa. Lonjezani zomwe mungayeze: ndalama zotsala m'thumba pa sabata, makilogalamu a nkhuni, maola omwe atsikana amataya kokatola nkhuni.

Za sola ndinena mwachidule. Mabanja ambiri amathera ndalama pa mabatire a tochi, makandulo ndi kutchajitsa foni, choncho kanyale kasola kokhala ndi potchajira foni kamabweza mtengo wake. Makampani monga Yellow, Zuwa Energy ndi VITALITE amagulitsa zida zazikulupo zolipira pang'onopang'ono pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo boma ndi World Bank anakhazikitsa thumba la Ngwee Ngwee Ngwee kuti mitengo ya zida zoterezi itsike. Dziwani kuti ndalama za thumba limeneli zimadzera ku makampaniwo, si zoti gulu la mpingo lingakapemphe. Dziwaninso kuti chida cholipira mwezi ndi mwezi chimadzitseka munthu akalephera kulipira. Kwa gogo wodalira Mtukula Pakhomo, ngongole yotere ndi mtolo wina. Kwa iwowo pemphani tinyale ting'onoting'ono togula kamodzi, tokhala ndi chitsimikizo cholembedwa choti tikawonongeka adzakonza kapena kusintha, ndipo mufunse kuti wokonzayo ali ku Zomba kuno kapena mpaka ku Blantyre. Tinyale ta pamsika topanda dzina timafa batire msanga, ndipo tikafa anthu amati sola ndi bodza.

Muikemonso maphunziro a zinthu zosafuna ndalama, chifukwa nthawi zina zimapulumutsa makala ambiri kuposa chida chogula. Kunyika nyemba usiku, kuvindikira poto, kuumitsa nkhuni musanasonkhe, kuzima makala otsala m'malo mowasiya anyeke. Pali ndi dengu lophikira: dengu wamba loyalidwa nsanza, thonje kapena masamba ouma a nthochi. Nyemba zikawira bwino mumaphula poto, kumukulunga m'dengumo n'kutseka, ndipo zimapsa zokha ndi kutentha komweko. Nsima singatheke motero, koma nyemba, nandolo wouma ndi mpunga zimatheka, ndipo nyembazo ndi zimene zimamaliza makala m'nyumba zambiri.

Tibwere ku funso loyamba, la kopeza ndalama. Khomo loyamba ndi khonsolo, ya mzinda kapena ya boma malinga ndi komwe mabanja anu ali. Mabungwe akabwera ndi pulojekiti amayamba kukaonekera kukhonsolo, ndipo amafunsa a zachitukuko cha m'madera, a zosamalira anthu ndi a zankhalango kuti magulu okhazikika ndi ati. Gulu losadziwika kumeneko silitchulidwa. Kalembetseni ngati CBO (gulu la anthu a m'dera lodziwika ndi boma), mukhale ndi malamulo a gulu olembedwa, komiti yosankhidwa, mabuku a misonkhano ndi akaunti ya kubanki ya dzina la gulu yosainira anthu atatu, osati nambala ya foni ya msungichuma. Mfumu ndi komiti ya chitukuko ya dera lanu adziwe zomwe mukuchita, chifukwa kalata yawo yokuikirani umboni imafunika pafupifupi paliponse.

Opereka ndalama mwachindunji ku magulu ang'onoang'ono alipo. GEF Small Grants Programme, yoyendetsedwa kudzera ku UNDP (nthambi ya United Nations yoona za chitukuko), imapereka ndalama ku mapulojekiti ang'onoang'ono a zachilengedwe. Malawi Environmental Endowment Trust ya ku Blantyre inakhazikitsidwira ntchito yothandiza madera kusamalira chilengedwe. Ofesi za akazembe ena, monga a Japan, zili ndi thumba la ntchito za m'madera. Onsewa amalengeza nthawi yolandira mapempho m'nyuzipepala ndi pa intaneti, choncho wina m'gulu mwanu akhale ndi udindo woyang'ana. Mpikisano wakula kuchokera pomwe boma la America linatseka USAID mu 2025, moti kwa gulu loyamba kumene njira yachidule ndi kukhala bwenzi la bungwe lalikulu lomwe lili kale ndi ndalama koma likusowa anthu odalirika m'dera. Mukayendetsa bwino kandalama kochepa, malisiti onse ali m'malo, lipoti lomwelo ndi limene lidzakutsegulireni khomo lalikulu.

Opereka ambiriwa chidwi chawo chili pa chilengedwe, ndiye alumikizireni khitchini ndi phiri. Zomba ili ndi mwayi pamenepa chifukwa nkhani yake imaoneka ndi maso. Nkhuni ndi makala zikudya nkhalango ya Zomba ndi Malosa. Madzi a mumzinda amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri lomwelo. Mitsinje ya Likangala ndi Domasi imayambira m'mapiri amenewa n'kukathira m'nyanja ya Chilwa, yomwe inauma mu 1995 ndipo inaphweranso kwambiri mu 2012 ndi 2018. Fotokozani zimenezi m'mawu anuanu, kenako muonetse makilogalamu a nkhuni omwe mabanja anu adzasiye kuotcha.

Mudzakumananso ndi makampani ogawa mbaula zaulere chifukwa cha malonda a kaboni. Iwo amapeza ndalama kunja powerengera utsi womwe mbaulazo zachepetsa, n'chifukwa chake amalemba mayina, kujambula zithunzi ndi kusainitsa mafomu. Si zoipa, koma muwerengereni gogo fomuyo asanadinde chala, ndipo mufunse ngati adzabwere kudzasintha mbaula zosweka. Koma munthu aliyense wokuuzani kuti mulipire kaye ndalama yolembetsera kuti gulu lanu "lilowe m'ndandanda wa thandizo", m'kanizeni. Wopereka thandizo weniweni salipiritsa fomu.

Pa bajeti, kumbukirani kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo magulu omwe analemba mitengo osasiya mpata anagula katundu wochepa kuposa amene analonjeza. Tengani makoteshoni atsopano, lembanipo tsiku, ndipo muike kagawo kapadera ka kukwera kwa mitengo. Musadzaze bajeti ndi maalawansi a misonkhano. Owerenga amayamba kuyang'ana mzere umenewo. Ikanimo m'malo mwake ndalama yoyendera mabanja pakatha miyezi itatu, isanu ndi umodzi, ndi chaka, mutanyamula sikelo ija.

Mayina a olandira musakasankhire m'nyumba ya wapampando. Gwirizanani poyera zoyenereza munthu, muwerenge mayinawo pamsonkhano mfumu ilipo, ndipo muphatikizemo a mipingo ina ndi Asilamu a m'dera lanu, chifukwa opereka ambiri salola thandizo lopita kwa a mpingo umodzi okha. Mukamaliza masabata awiri a kope lija, nditumizireni manambalawo pa imelo yomweyi, mayina a mabanja mutachotsa, tidzaone limodzi mbaula zoyenera kupempha ndi kuchuluka kwake.