Ndani amalipira makina a ku CERN ndi FAIR? Yankho kwa aphunzitsi a fizikisi

Aphunzitsi ena a fizikisi a pa sekondale anditumizira imelo. Akuti tsiku lina ankafotokozera ana za makina akuluakulu a ku Geneva omwe amawombanitsa tizidutswa ta atomu, ndiye mtsikana wina wa folomu 4 anaimika dzanja n'kufunsa kuti mwini wake wa makinawo ndani, ndalama zake zimachokera kuti, komanso ngati munthu wa m'dziko losauka angakagwireko ntchito. Za sayansi anamuyankha, koma za ndalamazo akufuna ndiwathandize.

Aphunzitsi, zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu. Mwanayo mumuyamikire, chifukwa wafunsa funso lomwe nduna za maboma zimatha nalo zaka zambiri pa misonkhano. Yankho langa lagona pa mfundo imodzi: m'ntchito zimenezi chofunika kwambiri si kuchuluka kwa ndalama, koma kuti ndalamazo zizibwera chaka ndi chaka mosadukiza, kwa zaka 20 kapena 30. Kumene lonjezo limenelo lili lolimba makina amatha kumangidwa. Kumene lili lofooka ntchito imachedwa, mtengo umakwera, ndipo nthawi zina imafera panjira.

Tiyambe ndi chomwe akufufuza, mwachidule poti inu mukuchidziwa kale. Mu phata la atomu muli ma proton ndi ma neutron, ndipo m'kati mwa amenewa muli ma quark omangidwa pamodzi ndi ma gluon. Ukawombanitsa maphata a mtovu pa liwiro loyandikira la kuwala, pamabuka kutentha koposa kwa pakati pa dzuwa ka 100,000, ndipo kwa kanthawi kochepetsetsa ma quark aja amamasuka. Asayansi amati chilengedwe chonse chinali chotero chitangoyamba kumene. Ena amafuna kudziwa zomwe zimachitika zinthu zikapanikizana kwambiri ngati m'kati mwa nyenyezi za neutron. Kuti uone zimenezi pamafunika maginito amphamvu kwambiri, ngalande zazitali pansi pa nthaka, magetsi ochuluka ndi anthu zikwi. Ndi maiko ochepa kwambiri omwe angasenze katundu ameneyu paokha.

CERN, yomwe ndi mwini wa makina a ku Geneva aja, inakhazikitsidwa mu 1954 ndi maiko 12 a ku Ulaya, patapita zaka zochepa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Si kampani, komanso si ya Switzerland ngakhale ili pa malire a dzikolo ndi France. Ndi bungwe la maboma, lomangidwa pa pangano lomwe maiko anasaina. Dziko lililonse limasonkha molingana ndi chuma chomwe limapeza, ndiye Germany imapereka pafupifupi 20 peresenti pomwe maiko aang'ono amapereka pang'ono. Zonse pamodzi zimaposa mafranki a ku Switzerland 1 biliyoni pachaka. Koma mu khonsolo yoyendetsa bungweli dziko lililonse lili ndi voti imodzi, lolemera ndi losauka chimodzimodzi.

Apa ndi pamene pagona mphamvu ya CERN. Popeza chopereka chili m'pangano, boma latsopano likalowa silingangodzuka n'kunena kuti chaka chino sitipereka. Akuluakulu a CERN amadziwa pafupifupi ndalama zomwe adzakhale nazo zaka zisanu zikubwerazo, choncho angathe kuitanitsa maginito omwe adzatenge zaka kuti apangidwe. Makina aakulu a ku Geneva aja, otchedwa LHC, omwe ndi mkombero wa makilomita 27, anavomerezedwa mu 1994 ndipo anayamba kugwira ntchito mu 2008. Ndalama zitaperewera m'kati mwa ntchitoyo, CERN inakongola mayuro 300 miliyoni ku European Investment Bank mu 2002, n'kumabweza kuchokera ku zopereka za zaka zotsatira. Banki inavomera chifukwa inkadziwa kuti zoperekazo zidzabwera ndithu.

Yerekezani ndi zomwe zinachitika ku America. Kumeneko anayamba kukumba makina aakulu kuposa LHC ku Texas, otchedwa SSC. Ndalama zake zinkadalira voti ya aphungu chaka chilichonse, ndipo maiko ena sanalowemo mokwanira. Mu 1993 aphungu anaimitsa ntchitoyo atawonongapo kale pafupifupi madola 2 biliyoni, ngalande zina zitakumbidwa kale. Zaka zochepa pambuyo pake America yomweyo inasaina kuti ithandize LHC ndi madola 531 miliyoni. Ngakhale makina a RHIC a ku Brookhaven, ku America komweko, omwe mu 2005 anaonetsa kuti ma quark omasuka aja amayenda ngati madzi osati ngati mpweya, mu 2006 akanapanda kuyatsidwa chifukwa bajeti inaperewera. Anawapulumutsa ndi Jim Simons ndi anzake, omwe anapereka madola 13 miliyoni a m'thumba mwawo. Ndimawayamikira, koma sayansi ya mtundu uwu siyenera kudikira chifundo cha munthu wolemera.

Tsopano pali chinthu chomwe ambiri sachidziwa. Bajeti ya CERN imamanga ndi kuyendetsa mkombero uja, koma zipangizo zikuluzikulu zojambula zomwe zachitika pa kuwombanako, mbali yaikulu si CERN imazilipira. Tengani ALICE, chipangizo cholemera matani 10,000 chomwe ntchito yake ndi kuona kuwombana kwa mtovu. Eni ake ndi gulu la mayunivesite ndi malo a kafukufuku a m'maiko pafupifupi 40, asayansi pafupifupi 2,000. Gulu lililonse limapita ku boma lakwawo kukapempha ndalama, n'kupanga chidutswa chake kwawo konko, kenako n'kuchitumiza ku Geneva. Ngakhale maginito aakulu ofiira a ALICE sanagulidwe atsopano, anatengera omwe anasiyidwa ndi kafukufuku wakale wa L3.

Chomwe chimamanga magulu amenewa ndi chikalata chogwirizana chomwe sichingatengere munthu ku khoti. Dziko likalephera kubweretsa chomwe linalonjeza, palibe wolimanga. Chimene chimagwira ntchito ndi manyazi komanso kufunana, poti chidutswa chako chikasowa anzako onse aima. Kawiri pachaka nthumwi za mabungwe opereka ndalama zimakhala pansi kuunika mabuku, ndipo aliyense amaona amene wapereka ndi amene sanapereke. Ndalama zoyendetsera chipangizocho tsiku ndi tsiku, monga mpweya wapadera, kuziziritsa ndi kukonza zowonongeka, zimagawidwa potengera chiwerengero cha asayansi a digiri ya PhD omwe gulu lili nawo. Ophunzira sawerengedwa. Mfundo imeneyi muisunge, aphunzitsi, chifukwa ndi khomo lenileni la mwana wanu uja.

Mtsogoleri wa gulu ngati ALICE amasankhidwa ndi mavoti a mamembala, ndipo salipira malipiro a aliyense, choncho sangalamule ngati bwana wa pa kampani. Amayenera kukopa anthu. Kuti dzina lako lilembedwe pa zotsatira za kafukufuku, umayenera kugwira ntchito za onse, kuphatikizapo kuchezera usiku m'chipinda choyang'anira makina. Mayina amalembedwa motsatira afabeti, pulofesa wotchuka ndi wophunzira mzere umodzi. Njira imeneyi ili ndi vuto lake, chifukwa wachinyamata wakhama amavutika kuonekera pakati pa mayina chikwi akamafuna ntchito, komabe yathandiza kuti anthu ochuluka chonchi asamalimbirane ulemu.

Nkhani yomwe ndikufuna tikhalitsepo ndi ya FAIR, malo atsopano a makina owombanitsa tizidutswa ta atomu ku Darmstadt m'dziko la Germany, chifukwa ikuonetsa zomwe zimachitika njira yosonkha zipangizo ija ikagwiritsidwa ntchito pomanga makina enieniwo. FAIR ikumangidwa pambali pa GSI, malo akale a kafukufuku omwe anatsegulidwa mu 1969, komwe anapeza maelementi asanu ndi limodzi, kuyambira nambala 107 mpaka 112. Pangano lake linasainidwa ku Wiesbaden mu Okutobala 2010 ndi maiko asanu ndi anayi: Germany, Russia, India, Poland, Romania, France, Finland, Sweden ndi Slovenia. Analembetsa ngati kampani pansi pa malamulo a Germany, maiko n'kukhala ndi masheya. Germany inatenga pafupifupi 70 peresenti, Russia n'kukhala yachiwiri ndi pafupifupi 17 peresenti.

Maiko ambiri sanafune kutumiza ndalama zokhazokha. Anasankha kupereka katundu wopangidwa m'mafakitale akwawo, ndipo chifukwa chake n'chomveka: nduna imavomera msanga ikaona kuti ndalamazo zithera kwa mainjiniya a m'dziko lake, omwe aphunzirenso luso latsopano. Zili ngati mmene timamangira buloko ya sukulu kumudzi, mudzi wina kuumba njerwa, wina kututa mchenga, wina kulonjeza malata. Zimayenda bwino mpaka tsiku lomwe a malata aja achoka pa mgwirizano makoma ataima kale.

Ndi zomwe zinachitika mu 2022. Russia italowa ndi nkhondo mu Ukraine, Germany inaimitsa mgwirizano wa sayansi ndi mabungwe a boma la Russia. Maginito ena a mkombero waukulu wa FAIR wotchedwa SIS100, womwe ndi wautali mamita 1,100, ankapangidwa ku Dubna, m'dziko la Russia. Zipangizo zina zikuluzikulu zimayembekezeka kuchokera ku Novosibirsk, ku Russia komweko. Zonsezi zinayenera kufunidwa kwina, ndi ndalama zatsopano, pa mitengo ya lero.

Koma tisanamizire nkhondo yokha, chifukwa mavuto anayamba kale. Mtengo womwe maiko anagwirizana, woposa pang'ono mayuro 1 biliyoni, unawerengedwa pa mitengo ya 2005, pomwe kukumba ngalande kunayamba mu 2017. Zaka zonsezo simenti, chitsulo ndi malipiro zinali kukwera. Lero mtengo wake waposa mayuro 3 biliyoni, ndipo nthawi iliyonse ukakwera pamayenera kukambidwanso kuti aonjezere ndani, poti palibe chopereka chokhazikika ngati cha ku CERN. Mapeto ake anagwirizana zomanga pang'onopang'ono, kuyamba ndi zomwe ndalama zilipo. Kafukufuku wa PANDA, yemwe anthu mazana anamukonzekera kwa zaka zoposa 20, wakankhidwira mtsogolo. Izi zimandipweteka mtima, chifukwa pali anthu omwe analowa ntchitoyo ali anyamata ndi atsikana ndipo adzapuma asanaone chipatso chake.

Ku CERN nako mgwirizano ndi Russia unatha mu Novembala 2024, ndipo asayansi mazana angapo anakhudzidwa. Zinawawa, makamaka kwa magulu ngati ALICE omwe anali ndi zipangizo zopangidwa ndi kusamalidwa ndi anthu a kumeneko. Koma popeza Russia sinali membala wosonkha ku bajeti yaikulu, mkombero unapitirira kuzungulira. Maganizo anga ndi akuti kupereka zipangizo n'kwabwino pa zidutswa zomwe ena angathe kupanganso, koma msana wa makina uyenera kulipiridwa kuchokera m'thumba limodzi la onse.

Palinso ndalama zina zazing'ono zomwe sizitchuka koma zimabala zambiri, zongokumanitsa anthu. Ku GSI komweko kuli EMMI, yomwe inayamba mu 2008 ndi thandizo la bungwe la Helmholtz. Simanga makina. Imalipira misonkhano, alendo odzakhala miyezi ingapo, ndi timagulu ta akatswiri toitanidwa msanga pakabuka funso lovuta. Kumeneko wofufuza za nyenyezi amakhala tebulo limodzi ndi wofufuza za maatomu ozizira kwambiri, n'kupeza kuti masamu awo akufanana.

Nanga mwana wanu uja? Mumuuze kuti inde, n'zotheka, ndipo njira yake sikufuna kuti dziko lake likhale membala wa CERN. South Africa si membala, koma asayansi ake ali mu ALICE ndi ATLAS, chipangizo china chojambula cha pa LHC. Mu 2008 boma lawo linakhazikitsa pulogalamu ya SA-CERN, yoyendetsedwa kudzera ku iThemba LABS pafupi ndi Cape Town, yomwe imalipira chopereka cha magulu awo ndi maulendo a ophunzira. Ndalama zake n'zochepa poyerekeza ndi za Germany, koma zakhala zikubwera chaka ndi chaka, ndipo n'chifukwa chake mayunivesite ngati Cape Town ndi Wits akhala akutulutsa ophunzira a masters ndi PhD m'ntchito imeneyi. Morocco nayo ili mu ATLAS kuyambira zaka za m'ma 1990.

Kwa mwana wa kwathu kuno, njira yapafupi ndi kudzera m'magulu amenewo. Amalize digiri yoyamba ya fizikisi kapena masamu, aphunzire kulemba mapulogalamu a kompyuta, makamaka Python ndi C++, chifukwa ntchito yambiri ndi yosanthula deta. Akatero afunsire malo a masters m'gulu lomwe lili kale mu ALICE kapena ATLAS, ndipo poti ophunzira sawerengedwa pa chopereka chija, gululo silitaya kanthu pomulandira kupatula ndalama ya maphunziro ake. CERN ili ndi pulogalamu ya ophunzira a m'nyengo yotentha ya ku Ulaya yomwe imalandiranso ochokera m'maiko osakhala mamembala. Palinso African School of Physics, yomwe inayambira ku Stellenbosch mu 2010 ndipo yachitikapo ku Ghana, Senegal, Rwanda ndi Namibia, komanso ICTP, malo a kafukufuku wa fizikisi ku Trieste ku Italy, yomwe Abdus Salam anayambitsa mu 1964 poganizira asayansi a m'maiko osauka, ndipo ili ndi dipuloma ya chaka chimodzi yokonzekeretsa anthu PhD.

Ndipo inu aphunzitsi, ngati pa sukulu panu pali kompyuta ndi intaneti, CERN inaika poyera gawo lina la deta yeniyeni ya LHC, kuphatikizapo zochita zokonzedwera ana a sekondale. Mtsikanayo ndi anzake angathe kuona okha njira zomwe tizidutswa tija tadutsa, n'kuwerengera kulemera kwake pogwiritsa ntchito masamu omwe inu mungawatsogolere.