Kwa achemwali amene mukufuna kupita ndi amayi anu ku Ayurveda

Achemwali, ndawerenga funso lanu. Mwati amayi akuvutika ndi maondo, ali ndi BP ndi shuga, ndipo mukufuna kupita nawo ku India kuti akapume komanso kukalandira chithandizo cha Ayurveda, mankhwala achikhalidwe a ku India, koma simukudziwa malo abwino. Ine ndinaperekeza apongozi anga ulendo ngati womwewo, tinakhalako masabata awiri, choncho ndikuuzani zimene ndinaona.

Pitani ku Kerala, kum'mwera chakumadzulo kwa India, chifukwa kumeneko mankhwalawa ndi moyo wa anthu wa tsiku ndi tsiku. Mukafika ku Mumbai kudzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, mumakwera ndege ina yopita ku Kochi kapena ku Thiruvananthapuram. Musananyamuke, funsani ku ofesi ya kazembe wa India ku Lilongwe za visa ndi za khadi la katemera wa yellow fever.

Nkhani yaikulu ndi iyi: kuli malo a mitundu iwiri, ndipo pa intaneti onse amaoneka ofanana. Kuli mahotela a m'mbali mwa nyanja, monga ku Kovalam ndi ku Varkala, komwe mlendo amatikitidwa ndi mafuta onunkhira kwa ola limodzi kenako n'kupita kukasambira. Ndi kokoma ndithu, koma kumeneko ndi kopumira basi. Ndiye kuli zipatala zenizeni za Ayurveda, zokhala ndi dokotala amene amaona wodwala m'mawa uliwonse. Chodziwika kwambiri ndi Arya Vaidya Sala ku Kottakkal, chimene a P. S. Varier anayambitsa mu 1902. Kwa munthu wamkulu wa BP ndi shuga, ine sindingaganize kawiri: chipatala. Mukamalemberana nawo, afunseni ngati madokotala awo ali ndi digiri ya BAMS, yomwe munthu amaphunzira zaka zisanu ndi theka, komanso ngati malowo ndi ovomerezedwa ndi bungwe la NABH loona za zipatala ku India. Akayamba kuzemba funsolo n'kumakutumizirani zithunzi za dziwe losambira, asiyeni.

Mudzamva kwambiri mawu oti panchakarma. Ambiri amaganiza kuti ndi kutikita thupi, koma ndi njira zisanu zotsuka m'thupi: kusanzitsa, kutsegula m'mimba, kulowetsa mankhwala kudzera kumunsi, kudonthezera mankhwala m'mphuno, ndi kuchotsa magazi pang'ono. Sikuti wodwala aliyense amachita zonse zisanu, dokotala ndiye amasankha. Zisanayambe, ena amamwetsedwa ghee (batala wosungunula ndi kuyeretsa) wosakaniza ndi zitsamba m'mamawa kwa masiku angapo, ndipo chakudya chimachepa mpaka kufika pa phala la mpunga lamadzimadzi. Apa ndi pomwe mtima wanga uli pa amayi. Munthu amene amamwa mapiritsi a shuga kapena kubaya insulin, akadya pang'ono chonchi kwinaku akutsegula m'mimba, shuga wake angathe kutsika mpaka kukomoka. Chonde yambani mwakambirana ndi dokotala wawo wa kuno, mutenge mapepala onse a kuchipatala, kamakina koyezera shuga, ndi mankhwala okwanira ulendo wonse. Wina aliyense akadzati asiye mapiritsi a BP chifukwa zitsamba zalowa m'malo mwake, mudzakane.

Za maondo, apongozi anga anathandizidwa ndi njira zofatsa. Tsiku lililonse akazi awiri ankawatikita ndi mafuta ofunda, ndipo kumeneko akazi amagwiridwa ndi akazi anzawo, choncho amayi asachite manyazi. Panalinso njavarakizhi: mpunga wa mtundu wa njavara amauphika mu mkaka ndi zitsamba, n'kuumanga m'tinsalu ngati timipira, n'kumathowa nato thupi tikadali totentha. Anabwerako akugona tulo tabwino, ululu utachepa kwa miyezi ingapo. Koma nyamakazi ya m'maondo sinathe, ilipobe. Musawalonjeze amayi kuti akachira, chifukwa kukhumudwa kwake kumapweteka kuposa ndalama zotayika.

Chinthu china chimene ndinalakwitsa ine ndi kugula mabotolo a mapiritsi m'kasitolo ka m'mbali mwa msewu, opanda chikalata cha dokotala. Nditafika kunyumba ndinawataya onse nditamva kuti mankhwala ena a Ayurveda, a gulu lotchedwa rasa shastra, amathiramo dala zitsulo. Kafukufuku wa ku Boston amene anatuluka mu magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2004 anapeza mtovu, mekyule kapena aseniki m'mankhwala amodzi mwa asanu alionse amene anayesedwa. Shuga payekha amavulaza kale impso, ndiye amayi asamwe chilichonse chimene dokotala sanalembe ndi kufotokoza zomwe zili mkati.

Nthawi yopita: eni ake amakonda nyengo ya mvula, kuyambira Juni mpaka Seputembala, makamaka mwezi wawo wa Karkidakam, womwe umayamba pakati pa Julayi n'kutha pakati pa Ogasiti. Amati thupi limalandira bwino mafuta kukazizira ndi chinyezi. Mvula yake ndi yamphamvu zedi, moti si nthawi yoyendayenda, komabe wodwala amauzidwa kale kuti apewe dzuwa, madzi ozizira ndi kutopa. Konzani masiku 14 mpaka 21, sabata imodzi ndi yochepa. Chakudya n'chopanda nyama, nsima kulibe, khofi ndi mowa amaletsa. Auzeni amayi zimenezi mudakali kuno kuti asakadzidzimuke patebulo, ndipo mupemphe chipinda chapansi chokhala ndi chimbudzi cha mpando, chifukwa masitepe ndi chimbudzi chonjuta zingawavute ndi maondo awowo.