Chifukwa chake odwala lupus amapatsidwa rituximab

Achemwali, mwafunsa kuti bwanji adokotala akufuna kupatsa mng'ono wanu rituximab, mankhwala omwe munamva kuti ndi a khansa, pomwe iye akudwala lupus. Musade nkhawa, sanasokoneze ayi.

Nkhani yagona pa maselo a m'magazi otchedwa B. Ntchito yawo ndi kupanga ma antibody olimbana ndi tizilombo. Mu lupus maselowa amasokonekera n'kuyamba kupanga ma antibody oukira thupi lomwelo, ngakhale DNA ya mwini wake. Ma antibodywo akaunjikana mu impso, mkodzo umachita thovu, mapazi n'kutupa mpaka nsapato kukana kulowa.

Rituximab imagwira chizindikiro chotchedwa CD20 chomwe chili pa maselo a B n'kuwapha. Inayambira pa khansa ya lymphoma, n'chifukwa chake munamva choncho. Kunena zoona, pa kafukufuku wamkulu wa lupus sinaonetse mphamvu yomwe anthu ankayembekezera, komabe madokotala amaigwiritsa ntchito mankhwala ena akakanika, ndipo ena amapezadi bwino. Palinso belimumab, yomwe inavomerezedwa ku America mu 2011. Iyo siipha mwachindunji, imangomana maselowa puloteni ya BLyS yomwe imawathandiza kukhala ndi moyo.

Chomwe ndingakupempheni: asanamuike diripi ya rituximab, mng'ono wanu afunse ngati amuyeza matenda a chiwindi a hepatitis B, chifukwa rituximab imatha kudzutsa kachilombo kake. Chitetezo chimatsikanso kwa miyezi ingapo, ndiye akangotentha thupi athamangire kuchipatala. Ngati akumwa hydroxychloroquine, mankhwala ena a lupus, asasiye pokhapokha adokotala atanena.