Ma compiler ndi memory: kodi munthu wa ku Area 25 angayambire pati?

Yandifika imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Area 25. Anamaliza digiri ya kompyuta, ntchito yawo ndi kupanga mawebusaiti a mabungwe ku City Centre, koma mtima wawo uli pa ma compiler (mapulogalamu omasulira zimene munthu walemba kukhala malamulo amene makina amamva) ndi kasamalidwe ka memory (malo amene pulogalamu imasungamo zinthu zake ikamayenda). Anzawo akuti zimenezo n'za anthu a makina akuluakulu, bola aphunzire AI. Akufunsa koyambira.

Achemwali, anzanuwo aitembenuza nkhani. AI ndiyo imadya makina a ndalama zankhaninkhani. Garbage collector, pulogalamu yosesa zinthu zosafunikanso mu memory, mungathe kuilemba pa laputopu ya kaunjika ya 8 GB, ndipo John McCarthy ankafotokoza njira yoyamba mu 1960, pa chilankhulo cha Lisp, pa makina amene foni yanu ya m'thumba ingawaseke. Njira yake inali yosavuta: yambani pa zinthu zimene pulogalamu ikuzigwirabe, tsatirani pointer iliyonse (cholozera ku chinthu china mu memory) mukuika chizindikiro, kenaka sesani zonse zopanda chizindikiro. Chaka chomwecho George Collins anabwera ndi ina, yowerenga kuti chinthu chikulozedwa ndi angati. Chiwerengero chikafika pa 0, chichoke.

Njira ya Collins ili ndi chilema, ndipo mungachione lero lomwe. Tsegulani Python, lembani a = [] kenaka b = [a], kenaka a.append(b). Tsopano del a, b. Mindandanda iwiriyo palibenso amene angaifikire, koma iliyonse ikulozedwa ndi inzake, choncho chiwerengero sichitsika pa 1. Yangogwirana manja mumdima. N'chifukwa chake Python ili ndi wosesa wachiwiri. Mukalemba import gc kenaka gc.collect() ndi pamene idzachoke nthawi yomweyo. Amene waona zimenezi ndi maso ake wayamba kale phunziroli.

Koma vuto lenileni si kupeza zinyalala ayi, ndi mipata imene imatsala. Taganizani minibasi pa depoti ya Lilongwe: mipando yopanda anthu ilipo inayi, umodzi kutsogolo, umodzi pakati, iwiri kumbuyo. Banja la anthu anayi lofuna kukhala pamodzi silikwera, pomwe malo alipo; ndi mmenenso chinthu chachikulu chimasowera malo mu memory. C. J. Cheney mu 1970 anati tsitsani onse, muwakweze mu minibasi ina mowapanikiza. Zimatheka, koma ndiye kuti theka la memory limangokhala podikira. David Ungar mu 1984 anatsamira pa mfundo yakuti zinthu zambiri zimafa zikangobadwa, ndiye sesani kawirikawiri kachigawo ka zatsopano, zakale muzizisiya. Mu 2008 Steve Blackburn ndi Kathryn McKinley anatulutsa Immix: memory yogawidwa m'zigawo za 32 KB, chigawo chilichonse m'mizere ya ma byte 128, kusesa mzere ndi mzere, ndipo kusuntha zinthu pokhapokha mipata ikachuluka. Zaka pafupifupi 50 kuchokera kwa McCarthy, anthu ankapezabe njira yatsopano. Ndiye wina azinena kuti zonse zinatha kale?

Popeza ndatchula McKinley, onani njira imene anayenda. PhD anaitenga ku Rice University mu 1992 pansi pa Ken Kennedy, pa nkhani ya ma compiler osintha ma loop kuti pulogalamu ithamange. Anaphunzitsa ku mayunivesite a Massachusetts Amherst ndi Texas Austin, kenaka anakagwira ntchito ku Microsoft Research ndi Google. Mu 2000 iye ndi Emery Berger ndi anzawo anatulutsa Hoard, allocator (pulogalamu yogawa malo mu memory) ya makina a ma processor angapo. Koma ntchito imene ine ndimaiika pamwamba ndi DaCapo ya mu 2006, imene si collector konse. Ndi mtolo wa mapulogalamu enieni a Java oyesera, pamodzi ndi malamulo a kayezedwe. Gulu lonse la akatswiri linathera nthawi pa sikelo. Ndipo ndinene mosabisa: m'phunziro ili nzeru zatsopano n'zotchipa, kuyeza moona ndiye kodula. Wophunzira amene amadziwa kuyeza amaposa amene waloweza mayina a njira makumi awiri. Ndipo ngati pali okuuzani kuti si za amayi, Frances Allen wa ku IBM, mayi woyamba kulandira mphoto yapamwamba ya za kompyuta ya Turing Award, ya 2006, anailandira chifukwa cha ma compiler omwewa.

Kuyeza kumalakwika motere. Java ikangoyamba imayenda pang'onopang'ono chifukwa JIT compiler, imene imamasulira pulogalamu ili mkati moyenda, imakhala isanamalize kumasulira, ndiye mukayeza ulendo woyamba mwayeza compiler, osati collector. Kukula kwa heap, chigawo cha memory chimene collector imasesamo, nakonso kumasintha zonse: collector yopambana pa heap yaikulu itha kukhala yotsalira pa yaing'ono, choncho pezani kaye heap yochepetsetsa imene pulogalamu ingayendere, muyeze pamenepo, pa kawiri kake, katatu, mpaka kasanu ndi kamodzi. Chilichonse muchibwereze maulendo 20, mulembe ndi kusiyana kwake komwe. Nanga vuto lathu kuno: magetsi akazima laputopu imagwera pa batire, processor n'kudzichepetsa liwiro, ndipo manambala a m'mawa ndi a madzulo sagwirizananso. Kutentha kwa Okutobala kumachitanso chimodzimodzi, fani ikalephera kuziziritsa. Lembani m'kope ola limene magetsi anazima, ndipo zonse zoyezedwa pa batire muzitaye.

Zoti muchite

Lembani interpreter yaing'ono mu C (pulogalamu yowerenga ndi kuyendetsa pulogalamu ina), muiikire mark ndi sweep yanuyanu, njira ya McCarthy ija. Ikamagwa popanda chifukwa chooneka, kawirikawiri ndiye kuti mwaiwala chinthu chimene chinali pa stack (pamene pulogalamu imasunga zimene ikugwiritsa ntchito panthawiyo), collector n'kuchisesa chili chamoyo. Ikakamizeni kuti izisesa nthawi iliyonse pulogalamu ikapempha malo mu memory, mumange ndi -fsanitize=address, cholakwikacho chidzaonekera msanga.

Kenaka LLVM, zida zopangira ma compiler zotsegukira aliyense, imene Chris Lattner ndi Vikram Adve anayamba ku yunivesite ya Illinois mu 2000. Tengani ndi git clone --depth 1 kuti bandulo isathere pa mbiri yakale. Mangani Release, osati Debug, ndi -DLLVM_TARGETS_TO_BUILD=X86 komanso -DLLVM_PARALLEL_LINK_JOBS=1 pa Ninja; kupanda kutero linker, yolumikiza zigawo za pulogalamu, imameza memory yonse, laputopu n'kuuma. Isiyeni usiku wonse. Pezani kacholakwika kakang'ono, mutumize chokonza. Zokonza ziwiri zolandiridwa zimalankhula mokweza kuposa kalata iliyonse ya umboni, ndipo MMTk, zida zopangira ma garbage collector, imene tsopano ili m'chilankhulo cha Rust, nayonso ndi yotsegukira aliyense.

Werengani mapepala a misonkhano ya PLDI, ISMM ndi OOPSLA. Olemba ambiri amawaika pa masamba awo ulere. PhD ya kompyuta ku America nthawi zambiri imakulipirani inuyo pothandiza kafukufuku kapena kuphunzitsa, ndipo mafomu ambiri amatsekedwa mu Disembala. Polembera pulofesa musayambe ndi kupempha malo. Bwerezani kuyeza kwa chithunzi chimodzi cha zotsatira cha mu pepala lake pa laputopu yanu, mumutumizire manambala anu, mumufunse chifukwa chake akusiyana ndi ake pa heap yaing'ono.