Funsani Dokotala: mwana wanga akukana kapu, akungofuna botolo

Funso: Adokotala, mwana wanga ali ndi chaka ndi miyezi 5. Ndinamuyambitsa botolo nditabwerera kuntchito, nde pano sagona opanda botolo ndipo usiku amadzuka kawiri kufuna lomwelo. Ndikamupatsa kapu amaiponya uko nkuyamba kulira mpaka maneba kumva. Apongozi akuti ndimusiye adzasiya yekha. Nditani? Mayi wa ku Area 25, Lilongwe.

Yankho: Zikomo mayi polemba. Apongozi akuyankhula mwachikondi, safuna kumva mdzukulu akulira, koma pa nkhani iyi chonde musadikire. Mwana amatha kuyamba kuphunzira kapu ali ndi miyezi 6, nthawi yomwe wayamba phala ija, ndipo botolo limayenera kuchoka akakwana chaka, likachedwetsetsa chaka ndi theka. Wanuyo nthawi yake ndi ino.

Chomwe chimandimvetsa chisoni kwambiri ndi mano. Mwana akagona ndi botolo mkamwa mkaka umangokhala pamano usiku onse, malovu otsuka mkamwa amachepa munthu akagona, nde tizilombo timapeza chakudya. Mumukweze mlomo wammwamba lero lomwe muone mano akutsogolo aja. Mukaona kamzere koyera ngati choko mmbali mwa usinini ndiye kuti ayamba kuonongeka, kenako amasanduka abulawuni nkumabenthuka, mwana wa zaka ziwiri nkumalira ndi dzino. Nanji mubotolomo mukamaikamo Sobo kapena tiyi wa shuga! Zimenezo siyani lero, olo mu kapu musamupatse.

Chinanso kamphira koyamwira kaja ndi kovuta kutsuka, mkaka umatsalira mmakona ndipo kakagwa pansi ambiri timangokapukuta ndi chitenje nkubwezera mkamwa, kutsegula mmimba kumayambira pomwepo. Nchifukwa chake kuchipatala ngakhale tiana tobadwa masiku osakwana timatimwetsa ndi kakapu. Komanso mwana okhuta mkaka usiku onse masana amakana nsima ndi ndiwo, mapeto ake magazi amachepa chifukwa mkaka wa ng'ombe uli ndi ayironi ochepa kwambiri.

Nde muchite chonchi. Musachotse mabotolo onse tsiku limodzi. Yambani ndi la masana, lomwe salisamala kwenikweni, mmalo mwake mumupatse mkaka mu kakapu kakang'ono kapulasitiki kopanda chivindikiro. Thiranimo pang'ono chabe, kongokwana makamwa awiri atatu, kuti akataya musapse mtima. Mukhazikeni pamiyendo panu, mugwirizireni kapuyo pamlomo wammunsi nkupendeketsa pang'onopang'ono, inunso muzimwa mu kapu yanu iye akuona chifukwa ana msinkhu uwu amakonda kutengera. Adzinyowetsa malaya, palibe vuto, ndi mmene amaphunzirira. Pakapita masiku atatu kapena anayi chotsani la mmawa. La usiku likhale lomaliza, ndi lomwe lili ndi nkhondo.

Ndinene zoona, akulira usikuyo nthawi zambiri si njala ayi, wazolowera kugona akuyamwa kenakake basi. Ndiye madzulo adye akhute, amwe mkaka wake mu kapu, mumutsuke mano ndi kaburashi kofewa ndi mankhwala otsukira mano ochepa ngati kambewu ka mpunga, kenako mumubereke kumbuyo kapena mugone naye pafupi mukumusisita ndi kumuimbira. Akadzuka pakati pausiku mupatseni madzi owiritsa mu kapu nkumunyamula. Masiku oyambirira alira ndithu ndipo mtima ukupwetekani, koma mukangogonja kamodzi nkutulutsa botolo waphunzira kuti kulira kumagwira ntchito. Mabotolowo achoke mnyumba asamawaone. Bambo ake, anti omulera masana ndi apongozi omwe mukhale nawo pansi muwafotokozere bwinobwino, mwina muwaonetse manowo, chifukwa wina akamapereka mobisa ntchito yonse yagwa. Zopaka tsabola pa kamphira kuti anyansidwe ayi chonde, mungomupweteka mwana.

Musadandaule akachepetsa mkaka. Pa msinkhu wakewu mamililita 500 patsiku ndi okwana, osapyola apo, zotsalazo azipeza mu phala la nsinjiro kapena Likuni Phala, dzira, nyemba, usipa osinja, masamba ndi zipatso. Ngati akuyamwabe bere pitirizani mpaka zaka 2 olo kupitirira, tikuchotsa botolo osati bere.

Ngati akudwala panopa dikirani achire kaye. Ndipo mukaona kuti akukana chakumwa chilichonse, thewera likukhala louma nthawi yayitali, maso alowa mkati kapena wafooka, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Mwezi uno mukapita kusikelo muwauze anesi kuti mwayamba kumusiyitsa botolo, aone mmene sikelo yake ikuyendera mubuku ndipo amuyang'anenso manowo.