Kogona kwachete pafupi ndi Liwonde National Park

Achemwali, mwafunsa za kamalo kachete koti mugone ndi bambo akunyumba, kokhala ndi kadzutsa, pafupi ndi paki ya Liwonde kapena ya Nyika. Za Nyika ayankhe ena, ine ndinena za Liwonde basi. Awo akuti "ingopitani kunyanja" sanawerenge funso lanu, munthu akufuna njovu iwo akumupatsa mchenga.

Musagone m'tauni. Ine zinandionekera. Ndinakopeka ndi zithunzi za pa Facebook, kaloji kooneka bwino kufupi ndi mlatho wa Kamuzu Barrage, osadziwa kuti kuseri kwa mpanda kuli bala. Nyimbo mpaka 3 koloko m'bandakucha. Kenako magetsi anazima, fani zii, jenereta ati ilibe mafuta. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo kutentha kwa ku Liwonde mwezi umenewo musakuyerekeze ndi kwa ku Zomba. Neti inali ndi chibowo choti nkhonya n'kulowa, ndinachita kumanga ndi chingwe cha nsapato. Udzudzu wa m'mbali mwa Shire sukambirana ndi munthu. Kutacha, kadzutsa uja anali tiyi wozizira ndi magawo awiri a buledi, mazira ati mulipire padera.

Ulendo wachiwiri ndinagona cha ku geti la kum'mwera, mbali ya phiri la Chinguni, makilomita ochepa kuchokera m'tauni. Kumeneko usiku umangomva mvuu zikulira kumtsinje. Chipinda cha anthu awiri tinalipira cha m'ma K70,000, koma mmene kwacha yagweramu musadalire mtengo umenewu, imbani kaye. Poimbapo muwafunse ngati ali ndi sola, ngati pafupi pali bala kapena holo ya maukwati, ndiponso kuti m'kadzutsamo muli chiyani. Akayamba kuzungulirazungulira, dulani foni. Ndalama yonse musatumiziretu pa foni, theka lokha.

Ndalama yolowera m'paki ndi yapadera, ndipo Amalawi timalipira yocheperapo kusiyana ndi alendo akunja, choncho chitupa cha unzika musachiiwale. Pakiyi akuiyendetsa a bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks kuyambira 2015, mikango anaibwezeretsamo mu 2018, ndiye zotsika m'galimoto kuti mujambule bwino ayi ndithu. Ngati ndalama ikukwanira chinthu chimodzi chokha, kwerani boti madzulo. Ng'ona, mvuu ndi njovu zikumwa madzi mumaziona pafupi zedi, kuposa kugubuduka ndi galimoto tsiku lonse. Nyengo ya mvula misewu yam'kati imachita matope, kagalimoto kakang'ono mukakasiya komweko.

Mankhwala odzola othamangitsa udzudzu mugulire ku Zomba kapena ku Balaka musanafike. Komanso mukamadya panja muzisamala ndi apusi, wina anandilanda nthochi m'manja ndikuyang'ana.